Mwini filimu safa, koma tepi imaola

Pali mawu ena amene mwana aliyense wokulira ku Chibavi, ku Chiputula, ku Zolozolo kaya ku Mchengautuba amawadziwa popanda mphunzitsi: mwini filimu safa. Amuwombere ndi mfuti zingati, amumangirire ku mtengo, amuponye m'dziwe la ng'ona, iye adzuka basi, n'kupukuta magazi pakamwa, kenaka n'kuyamba kuwathidzimula mmodzimmodzi mpaka kukafika kwa bwana wawo. Ukaona mnzako wayamba kunjenjemera pabenchi, umangomugwira paphewa n'kumuuza kuti, "Limba mtima aise, ameneyu ndi mwini wake."

Sabata ino, awerengi anga, ndati tipumuleko ku nkhani za ndale ndi za kukwera mitengo kwa zinthu, tikambe za mafilimu akale ndi masewero akale a pa wailesi ya kanema. Anzanga a msinkhu wanga amandiseka kuti ndimakonda zamadala, eti mnyamata bwanji ukutha bandulo pa filimu imene inajambulidwa bambo ako asanamere ndevu? Aseke. Ine ndili ndi zifukwa zanga, ndipo ndili ndi dandaulo limodzi lomwe ndikufuna lifike kwa eni ake.

Tiyambe ndi kukumbutsana kuti kanema kuno kwathu anabwera mwa njira yovuta. M'nthawi ya atsamunda kunali bungwe la Central African Film Unit, lomwe linayamba mu 1948, ndipo linkajambula mafilimu ophunzitsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi ku Rhodesia za ulimi, ukhondo ndi kumvera boma. Galimoto inkafika pabwalo la sukulu, n'kupachika chinsalu choyera, mudzi wonse n'kusonkhana. Agogo athu ankati bayisikopo. Titalandira ufulu, boma la chipani chimodzi linakhazikitsa lamulo la 1968 lomwe linabala Censorship Board, ndipo filimu iliyonse inkayamba yadutsa m'manja mwa akuluakulu amenewa. Mwamuna ndi mkazi akangoyandikizana milomo, lumo linkagwira ntchito yake. Amene ankapita ku Apollo ku Blantyre amasimba kuti filimu isanayambe ankaimirira kaye, nyimbo ya fuko ikuimbidwa, Kamuzu akukupiza dzanja pachinsalu.

Nanga wailesi ya kanema? Anzathu a ku Zimbabwe anali nayo kuyambira mu 1960, a ku Zambia mu 1961. Ife tinadikira mpaka pa 1 Epulo 1999, mu ulamuliro wa a Bakili Muluzi, pamene Television Malawi inatsegulidwa. Ndiye kuti kwa zaka zoposa 30 chilandirireni ufulu, Mmalawi ankadziwa dziko ndi khutu lokha kudzera pa MBC.

Mpata umenewu ndi umene unatsekedwa ndi timanyumba ta vidiyo. Ife a ku Mzuzu sitinakule ndi maholo a mipando yofewa. Tinakula ndi kachisakasa ka zigwagwa kuseri kwa msika, khomo lotchingidwa ndi chiguduli, mabenchi olasa, sikirini imodzi pamwamba pa tebulo, ndi chimkuzamawu chopachikidwa panja kuti odutsa amve kulira kwa zibakera. Panja pankakhala bolodi yolembedwa ndi choko, mayina a mafilimu olembedwa mmene mwini wake wawamvera. Achimwene athu anaonera pa matepi a VHS. Ife tinapeza ma CD ndi ma DVD ochokera kwa amalonda a ku Taifa Market, koma mafilimu ake anali omwewo. Kunja kukamachita mvula yathu ija yosadziwa kalendala, mkati mumatentha ndi mpweya wa anthu, fungo la chinangwa chokazinga ndi nsapato zonyowa. Magetsi akathima pakati pa nkhondo yomaliza, mwini vidiyo ankaona zakuda.

Tsono n'chiyani chimene chimandibwezera ku mafilimu amenewa, pomwe lero pafoni pali chilichonse?

Choyamba ndi thukuta. M'mafilimu akale munthu ukamuona akudumpha, ndiye kuti anadumphadi. Bruce Lee anamwalira mu Julayi 1973 ali ndi zaka 32 zokha, Enter the Dragon isanayambe n'kuonetsedwa komwe, koma mpaka lero mwana wa ku Masasa akamakangana ndi mnzake amapukuta mphuno ndi chala chachikulu ngati iyeyo. Kaonereninso nkhondo yake ndi Chuck Norris mu Way of the Dragon ya 1972. Kamera imaima patali, mumaona thupi lonse la munthu kuyambira kumutu mpaka kuphazi, palibe chobisa. Jackie Chan, wa Drunken Master ya 1978, anatsetsereka pa chitsulo chozengedwa ndi mababu mu Police Story ya 1985 mpaka kupsa m'manja, ndipo pojambula Armour of God ya 1986 anagwa mumtengo n'kusweka chigaza. Kumapeto kwa mafilimu ake ambiri amaonetsa dala pomwe analakwitsa ndi pomwe anavulala. Lero zambiri zimapangidwa pa kompyuta, mizinda yonse imagumuka koma mtima wako osagunda ngakhale pang'ono, chifukwa ukudziwa kuti palibe yemwe wakhudzidwa ndi fumbi. Ntchito ya manja imadziwika, kaya ndi mpando wa kalipentala kaya ndi filimu.

Chachiwiri ndi nkhani yomveka. Ambiri a ife tinkaonera tisanadziwe Chingerezi, ndipo kunalibe anyamata omasulira m'Chichewa amene adzaza misika masiku ano. Komabe tinkatsatira bwinobwino. Charlie Chaplin, amene anaphika nsapato n'kuidya ndi ulemu wonse mu The Gold Rush ya 1925, salankhula liwu ngakhale limodzi, koma munthu aliyense amene anagonapo ndi njala amamumvetsa. Mr Bean wa Rowan Atkinson anaonetsedwa pakati pa 1990 ndi 1995, ndipo zigawo zake ndi 15 zokha basi, koma agogo a ku Ekwendeni ndi mdzukulu wawo amaseka pamalo amodzimodzi. Filimu ya Yesu ya 1979, imene mipingo inkaonetsa pamabwalo m'Chichewa, inkaliza amayi ngati maliro ali pakhomo pawo. Ngakhale Disco Dancer ya Mithun Chakraborty ya 1982, ya chilankhulo cha ku India, aliyense ankadziwa kuti mwana wamphawi uyu akulimbana ndi olemera ofuna kumupondereza.

Musandimve molakwa, abale anga. Sindikuti zakale zonse zinali zoona. Mafilimu ena ankatinamiza masanasana ife n'kumawomba m'manja. Nkhondo ya ku Vietnam inatha mu 1975 dziko la America litalephera, koma mu Missing in Action ya 1984 ndi mu Rambo yachiwiri ya 1985, munthu mmodzi ankabwerera komweko n'kukapululutsa gulu lonse la asilikali. Ife ana a dziko losauka tinkasangalala kuona alimi a mpunga akugwa ngati ngumbi. The Gods Must Be Crazy ya 1980, ija ya botolo la Coca-Cola logwa kumwamba, imaseketsa mpaka kupweteka nthiti, koma inapangidwa ndi Jamie Uys mu South Africa ya tsankho, ndipo N!xau wa ku Namibia, amene ananyamula filimu yonse pamsana pake, anapatsidwa ndalama zochepa zedi poyerekeza ndi mamiliyoni amene filimuyo inapanga. Ubwino woonera filimu yakale utakula ndi womwewu: umaona zomwe unasangalala nazo, komanso umaona pomwe anakupusitsa.

Chachitatu, chimene ndi chachikulu kwa ine, ndi mafilimu aja amene ankakamba za ife eni. Ndikanati ndisankhe imodzi yokha yoti ndipite nayo pachilumba cha Chizumulu, ndikanatenga Neria. Filimu imeneyi inapangidwa ku Zimbabwe kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Nkhani yake inachokera kwa Tsitsi Dangarembga, anaiongolera ndi Godwin Mawuru, ndipo Jesesi Mungoshi ndiye anasewera ngati Neria. Mayiyu ndi mwamuna wake Patrick akhetsa thukuta limodzi m'tauni, apeza nyumba ndi katundu. Patrick wamwalira pangozi. Misozi isanaume, mlamu wake Phineas wayamba kale kutola buku la kubanki, galimoto, mipando, mpaka ana. Neria akulimba mtima, akupita kukhoti, ndipo akupambana. Malemu Oliver Mtukudzi, amene anatisiya mu Januwale 2019, anasewera ngati mlongo wake wa Neria, ndipo nyimbo yake ya m'filimuyi imaimbidwabe mpaka lero.

Kodi pali munthu kuno kumpoto amene sanaonepo Phineas ndi maso ake? Tonse tikumudziwa. Amafika pamaliro ndi jekete lakuda, amalira mokweza kuposa wina aliyense, koma diso lili pa firiji. Amati tinalowola, ndiye zonse ndi zathu, ngati kuti ng'ombe za malowolo zinagula ndi thukuta la mayiyo. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye mu 2011, ndipo kulanda katundu wa mayi wamasiye ndi ana ndi mlandu. Koma lamulo lili m'buku, ndipo ndi angati amawerenga mabuku a malamulo? Neria amalowa mumtima mwa munthu kwa maola awiri okha, ndipo mayi amene waionera amatuluka akudziwa kuti khoti lilipo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimodzimodzinso Sarafina ya 1992, ya Leleti Khumalo, Whoopi Goldberg ndi Miriam Makeba, yokamba za ana a sukulu a ku Soweto amene anaukira boma la tsankho. Inatuluka chaka chomwecho chimene maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi, ndiponso chimene Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege. Amene anaionera m'zaka za riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994 sankaona South Africa yokha ayi. Ankadziona okha. Ife obadwa m'matipate timatenga ufulu wolankhula ngati mpweya, ndipo filimu ngati imeneyi imatikumbutsa kuti ena anaugula ndi magazi.

Tsopano tifike pa dandaulo langa lija. Mafilimu onse ndatchulawa mutha kuwapeza lero lomwe. Pitani kwa anyamata obena pamsika waukulu kaya ku Luwinga, akuikirani Commando ya 1985, Bloodsport ya 1988, Shaka Zulu ya Henry Cele ya 1986, zonse pa fulashi imodzi. Eni ake anazisunga, anazitsuka, ena mpaka zikuoneka bwino kuposa mmene zinkaonekera zili zatsopano. Nanga zathu?

Pakuti nafe tili nazo zakale zathu. TVM itangoyamba, mabanja ankadzazana kunyumba imodzi yokhala ndi kanema m'dera lonse, ana pansi, akuluakulu pamipando, ena pawindo. Tikuferanji anatiphunzitsa za Edzi pa nthawi imene anthu ankangonong'ona kuti wakuti wamwalira atadwala nthawi yaitali. Manganya wa m'sewero limenelo, a Michael Usi, anadzakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko kuyambira mu Juni 2024 mpaka mu 2025. Izeki ndi Jakobo ankatha kuseketsa munthu amene wagona ndi njala, koma mkati mwa nthabwala zawo munali mbola yolasa mabwana akuba ndi amuna osasamala mabanja. John Nyanga, Izeki, anamwalira mu 2016. Eric Mabedi, Jakobo, anatsatira mu 2021. Gertrude Kamkwatira anapita mu 2006. Ndipo Du Chisiza Junior, mwana wa kwathu ku Karonga, mwini Wakhumbata Ensemble Theatre, anamwalira mu Febuluwale 1999, patangotsala milungu yochepa kuti wailesi ya kanema itsegulidwe. Tangoganizani, katswiri wa zisudzo ngati ameneyo osaiona TVM ndi maso ake.

Anthu amenewa sadzaseweranso. Chimene chatsala ndi zimene zinajambulidwa. Tayesani kufufuza pa intaneti: mupeza tizidutswa, tina tojambulidwa ndi foni kuchokera pa sikirini, mawu akumveka ngati munthu ali m'chitsime. Mwana wobadwa mu 2015 amamudziwa Rambo kuyambira mpeni mpaka nsapato, koma mukamufunsa za Izeki akuyang'anani ngati mwalankhula Chigiriki. Ili si vuto la mwanayo.

Tepi si mwala, abale anga. Ndi kansalu kapulasitiki kopakidwa mankhwala, ndipo kamafooka chaka ndi chaka. Chinyontho chimabweretsa nkhungu, ndipo chinyontho cha ku Mzuzu tonse tikuchidziwa, chimameretsa nkhungu ngakhale pa nsapato ya chikumba pansi pa bedi. Kutentha kumamatitsa tepi. CD nayo ikakalika yatha. Kuwonjezera apo, makina oseweretsera matepi a VHS anasiya kupangidwa mu 2016, pamene kampani ya Funai ya ku Japan, yomwe inali yomaliza, inatseka ntchitoyo. Ndiye kuti ngakhale tepi ili bwino, tsiku likubwera loti dekhi yoiseweretsa idzasowa.

Musaganize kuti zotaya zakale zimachitikira osauka okha. Kafukufuku amene Library of Congress ya ku America inatulutsa mu 2013 anapeza kuti mwa mafilimu 100 aliwonse aatali a m'nthawi ya mafilimu osalankhula a m'dzikolo, pafupifupi 70 anatayika kotheratu. BBC, ndi chuma chake chonse, inkafufuta matepi akale n'kujambulapo zina pofuna kupulumutsa ndalama, ndipo zigawo zambirimbiri za sewero lotchuka la Doctor Who zinasowa motero. Mukudziwa kumene zina zinakapezeka? Mu 2013 zigawo 9 zinatulukira m'chipinda chosungira katundu pa siteshoni ya kanema mumzinda wa Jos ku Nigeria. Munthu wina kumeneko sanataye, ndipo Angerezi anachita kuvina. Anzathuwo anaphunzirapo. Martin Scorsese anayambitsa The Film Foundation mu 1990 kuti ipulumutse mafilimu akale, ndipo mu 2017 bungweli linagwirizana ndi UNESCO komanso bungwe la opanga mafilimu a mu Africa kuti akonzenso mafilimu 50 a kuno ku Africa.

Ife a mumzinda uno sitifunika kuuzidwa kuti kutaya kumawawa bwanji. Mu Disembala 2015 laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku zikwizikwi n'kusanduka phulusa usiku umodzi. Buku losindikizidwa ku London utha kuitanitsa lina. Koma chinthu chimene chinalipo chimodzi chokha, chikapita chapita. Madzi akatayika saoleka.

Ndiye pempho langa ndi ili. Akuluakulu a MBC, imene inatenga TVM, muli ndi chuma cha mtundu wonse m'manja mwanu. Chisamutsireni pa makompyuta, musunge m'malo awiri kapena atatu osiyana, ndipo mutipatse ola limodzi pa sabata la zakale zokhazokha. Muona mmene a makampani adzalimbiranire kuikapo malonda awo, chifukwa banja lonse lidzakhala pansi. A National Archives ku Zomba, mbiri ya dziko si mapepala a ma DC okha, nthabwala za Jakobo nazo ndi mbiri. A COSOMA, thandizani kuti zakalezi zikamaonetsedwa, amayi amasiye ndi ana a akatswiriwa azilandirapo kanthu, tisakhale a Phineas ife tomwe. Aphungu athu a Nyumba ya Malamulo, pokambirana bajeti funsaniko za ndalama zosungira zinthu zimenezi. Chaka chilichonse pa 27 Okutobala dziko lonse limakumbukira tsiku la kusunga zomvera ndi zoonera. Lingakhale tsiku labwino loyambira.

Opanga mafilimu a lero nawo atengepo phunziro. Shemu Joyah anatipatsa Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ya 2012 ndi The Road to Sunrise ya 2017. Joyce Mhango Chavula anabweretsa mphotho kuchokera ku Nigeria mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. The Boy Who Harnessed the Wind ya 2019, yokamba za William Kamkwamba wa ku Kasungu, ili m'manja mwa Netflix ndipo siisowa. Koma zinazi, zopangidwa ndi ndalama za m'thumba, ndani adzazisunge? Zatsopano za lero ndizo zakale za mawa, ndipo kompyuta imodzi ikagwa pansi, ntchito ya zaka zitatu imathera pomwepo.

Inunso awerengi muli ndi mbali yanu. M'nyumba zambiri ku Katoto, ku Chimaliro ndi ku Katawa muli makatoni a matepi pamwamba pa wadiropu: ukwati wa 1996, kwaya ya mvano, malipenga a ku Nkhata Bay, mpira wa pa Mzuzu Stadium, sewero lojambulidwa pa TVM. Musawapatse ana kuti azisolola ngati zoseweretsa, ndipo musawatenthe pokonza m'nyumba. Achotseni pa chinyontho, funani munthu amene akali ndi dekhi yogwira ntchito, musamutse zomwe zilimo nthawi ikalipo. Mwina m'katoni yanuyo ndi mmene muli kope lokhalo lotsala m'dziko muno.

Aphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, maholo muli nawo. Loweruka lina masana sonkhanitsani achinyamata, muwaonetse Neria, kenaka muwafunse kuti akanakhala iwo akanatani. Filimu yoonera pagulu ili ndi kukoma kwake kumene foni singakupatse: wina akuwa kuti "kumbuyo kwakoko!", mayi wina akupukuta misozi ndi chitenje, ndipo potuluka mkangano ukupitirira mpaka pa siteji ya kabaza. Masiku ano m'nyumba imodzi muli anthu asanu, aliyense wawerama pa kagalasi kake, aliyense akuseka yekha.

Bruce Lee wakhala m'manda zaka zoposa 50, koma akumenyabe nkhondo madzulo aliwonse m'timanyumba ta vidiyo, chifukwa alipo amene anasunga ntchito yake. Izeki, Jakobo, Gertrude ndi Du nawo ndi eni filimu. Kuti akhale moyo kapena afe kachiwiri, zili kwa ife otsala.

Amene muli ndi filimu yakale imene simuiiwala, lembani kalata kwa mkonzi mutiuze kuti ndi iti ndipo munaionera kuti. Tikumane sabata ya mawa pa tsamba lomwe lino.